Akachisi 15 a ku Angkor m'masiku awiri: kodi akuluakulu angauthe ulendo wotere?

Mayi wina wa ku Zomba watilembera motere: "Ndine mphunzitsi wopuma pantchito wazaka 63, ndipo bambo akunyumba ali ndi zaka 68. Ndaphunzitsa mbiri yakale kusekondale zaka zambiri, ndipo kachisi wa Angkor Wat ndinkangomuona pachithunzi. Mwana wathu amene amagwira ntchito ku Manchester wati atilipirira ulendo wa ku Cambodia. Wapeza kampani imene ikuti mu Epulo idzationetsa akachisi 15 m'masiku awiri, kenaka n'kupita nafe ku Phnom Penh, likulu la dzikolo, ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo. Bambo amavutika maondo komanso amamwa mankhwala a BP. Ndifenso Akhristu, ndiye tikudabwa ngati n'koyenera kulowa m'nyumba zopembedzeramo za anthu ena. Kodi tivomere? Nanga wotitsogolera n'ngofunikadi, poti mbiri ndimaidziwa kale?"

Mayi, poyamba ndikulimbitseni mtima kuti ulendo wa ku Angkor anthu a msinkhu wanu amautha bwinobwino, ndipo pa zaka zimene ndakhala ndikukonza maulendo otere, amene amabwerako atakhutira kwambiri nthawi zambiri amakhala akuluakulu, chifukwa iwo amadziwa kuima pamalo amodzi n'kuyang'ana. Chimene sindingavomereze ndi ndondomeko imene mwana wanu wapatsidwa. Cholakwika chake chachikulu chili pa mwezi komanso pa chiwerengero cha akachisi, ndipo zonsezi n'zotheka kuzikonza musanalipire ndalama iliyonse.

Mtengo watsika chifukwa cha mwezi umene akupatsaniwo. Epulo ndiye pachimake pa kutentha ku Cambodia, pamene masana kumafika madigiri 35 mpaka kuyandikira 40, ndipo mpweya umakhala wachinyontho moti thukuta siliuma pathupi. Ganizirani Okutobala wa ku Nsanje, koma mukuyenda pamiyala imene yakhala ikuphikidwa ndi dzuwa kuyambira m'mawa, m'mabwalo opanda mthunzi. Pakati pa mwezi womwewo pamakhalanso chikondwerero cha chaka chatsopano cha anthu a mtundu wa Khmer, pamene eni dziko amadzadza ku Siem Reap, mzinda umene alendo onse a ku Angkor amagonako. Kwa munthu amene amamwa mankhwala a BP, makamaka aja okodzetsa, kutentha kotere kumathetsa madzi m'thupi msanga ndipo chizungulire chikhoza kumupeza ali pamakwerero. Nyengo yabwino ndi kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, pamene mvula imakhala itasiya ndipo m'mawa kumakhala kozizirirapo, ngakhale kuti alendo amachuluka ndipo mahotela amakwera mtengo. Ngati thumba la mwana wanu silingafikepo, ine ndingasankhe miyezi ya mvula, ya Juni mpaka Okutobala, m'malo mwa Epulo, popeza mvula ya kumeneko kawirikawiri imagwa masana kwa kanthawi n'kukata, nkhalango imabiriwira, ndipo ngalande zozungulira akachisi zimadzadza madzi. Choipa chake n'chakuti miyala imaterera, choncho bambo angafunike ndodo ndi nsapato zogwira pansi.

Tsopano za akachisi 15 aja. Anthu ambiri amaganiza kuti Angkor ndi nyumba imodzi, pamene ndi dera lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 400, limene linali likulu la ufumu wa Khmer kwa zaka mazana angapo kuchokera pamene Jayavarman II anadzilengeza kukhala mfumu paphiri la Kulen m'chaka cha 802. Angkor Wat yekha, amene anamangidwa ndi mfumu Suryavarman II kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100 polemekeza mulungu wa Ahindu wotchedwa Vishnu, wazunguliridwa ndi ngalande ya madzi yotambalala mamita 190, ndipo malo onsewo ndi otalika kilomita imodzi ndi theka. Kuchokera pamene galimoto imakusiyani kukafika pakati pa kachisiyo ndi ulendo pawokha, ndipo pobwerera muyendanso mtunda womwewo. Mukafika m'makonde ake mupeza makoma osemedwa kuzungulira nyumba yonse, ndipo chimodzi mwa zosemazo, chotalika mamita pafupifupi 49, chimaonetsa milungu ndi ziwanda zikukokana chinjoka chimene chakulungidwa paphiri, pofuna kuvundula nyanja ya mkaka kuti mutuluke madzi opatsa moyo wosatha. Mbali ina ya khomalo imaonetsa mfumu Suryavarman II mwini wake ndi asilikali ake pa njovu. Munthu amene waphunzitsa mbiri ngati inu sangadutse pamenepa m'mphindi 20, koma ndondomeko ya akachisi 7 kapena 8 patsiku ndiyo imafuna zotero.

Ndinaperekezapo gulu lina limene linaumirira ndondomeko yothithikana chonchi chifukwa linkafuna kuti ndalama zake zigwire ntchito. Pofika masana a tsiku lachiwiri, theka la gululo linkakana kutsika m'basi, ndipo mayi wina wachikulire anandiuza mosabisa kuti miyala yonse yayamba kuoneka yofanana. Sanali kunama, chifukwa maso akatopa, kachisi wa m'chaka cha 967 ndi wa m'chaka cha 1186 amangokhala milu iwiri ya miyala. Kuyambira nthawi imeneyo, kwa anthu opitirira zaka 60 ndimakonza masiku atatu a ku Angkor, akachisi osapitirira atatu patsiku, kuyamba m'mawa kwambiri, kubwerera kuhotela cha m'ma 11 koloko kukadya ndi kugona pang'ono, n'kutulukanso dzuwa litapendeka. Matikiti omwe amalola zimenezi: kuyambira mu 2017 tikiti ya tsiku limodzi yakhala ili madola 37, ya masiku atatu madola 62, ndipo ya masiku 7 madola 72. Ya masiku atatuyo simukakamizidwa kuigwiritsa ntchito motsatizana, popeza imagwira ntchito mkati mwa masiku 10, kotero mukhoza kupumula tsiku lathunthu pakati maondo a bambo akadandaula.

Ndikadakhala kuti ndikukonzerani ndine, tsiku loyamba ndikadayamba ndi Banteay Srei, kachisi wamng'ono wa miyala yofiirira amene ali pamtunda wa makilomita oposa 30 kuchokera ku Siem Reap. Anapatulidwa mu 967, ndipo anamumanga ndi mlangizi wa mfumu dzina lake Yajnavaraha, osati mfumu imene. Alibe makwerero ovuta, ndipo zosema zake n'zosalala ngati zagobedwa pamtengo, moti ndi malo abwino ophunzirira kuwerenga zithunzi za pamiyala musanakumane ndi zikuluzikulu. Tsiku lachiwiri lonse ndikadalipereka kwa Angkor Wat. Lachitatu ndikadakutengerani ku Angkor Thom ndi Ta Prohm, ntchito za Jayavarman VII, mfumu yachibuda imene inalowa ufumu mu 1181 itapirikitsa a mtundu wa Cham amene anasakaza Angkor mu 1177. Mwa njira imeneyi mumaona mbiri ikuyenda motsatana, kuchoka ku Chihindu kupita ku Chibuda, m'malo modumphadumpha monga momwe msewu wakhotera.

Pa Angkor Thom ndikufuna kuchedwapo, chifukwa ndi pamene ndikuganiza kuti mtima wa mphunzitsi udzakhazikika. Ndi mzinda wa linga, mbali iliyonse yotalika makilomita atatu, wokhala ndi zipata zisanu, ndipo pakati pake pali kachisi wa Bayon wa nsanja zosemedwa nkhope zikuluzikulu pafupifupi 200 zoyang'ana mbali zonse zinayi. Alendo ambiri amajambula nkhopezo n'kumapita, osadziwa kuti chuma chenicheni chili pakhoma lakunja la pansi, pamene osema anaika moyo wa anthu wamba: amayi akugulitsa nsomba pamsika, amuna akumenyanitsa atambala, ena akuphika, mayi akuthandizidwa pobereka, ndiponso nkhondo ya m'mabwato pamene ogwera m'madzi akugwidwa ndi ng'ona. Zithunzi zimenezi zimagwirizana m'zambiri ndi zimene analemba Zhou Daguan, nthumwi ya ku China imene inakhala mumzindawu mu 1296 ndi 1297. Ubwino wake kwa bambo n'ngwakuti khomali lili pansi ndipo silifuna kukwera. Ta Prohm, amene Jayavarman VII anamanga mu 1186 pokumbukira mayi ake, ndi kachisi uja mizu ya mitengo ikuluikulu inakumbatira makoma ake, ndipo mwala wolembedwa umene unapezeka pamenepo umanena kuti anthu oposa 12,000 ankatumikira pamalowo. Masiku ano anaikamo tinjira ta matabwa m'malo ambiri, koma pakhomo lililonse pali mwala wofunika kuudumpha, ndipo kudumphadumpha kumeneku ndi kumene kumapweteka maondo kusiyana ndi mtunda.

Pali malo awiri amene ndikupempha kuti bambo asakakamizidwe kukwera. Oyamba ndi chipinda chapamwamba cha Angkor Wat chotchedwa Bakan, pansi pa nsanja yapakati imene imatalika mamita 65, chifukwa makwerero ake, ngakhale anaikapo a matabwa ndi pogwira, ndi oimirira kwambiri ndipo kutsika kumavuta kuposa kukwera. Achiwiri ndi phiri la Phnom Bakheng kumene magulu ambiri amapita kukaonera dzuwa likulowa, kumene munthu amakwera n'kukaima pamzere, kenaka n'kutsika kukuchita mdima. Inu mukhoza kukwera Bakan bambo akukudikirani pamthunzi, ndipo sadzakhala atataya zambiri. Za kudzuka usiku kukaonera dzuwa likutuluka kuseri kwa nsanja zisanu za Angkor Wat, kumene chipata chimatsegulidwa 5 koloko, n'zokongoladi, koma mudzakhala pakati pa khamu ndipo mudzayenda mumdima pamiyala yosalingana, choncho mutenge tochi ndipo musachite zimenezi m'mawa woyamba mutangofika, poti nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola asanu poyerekeza ndi yathu.

Mwafunsa ngati wotsogolera alendo n'ngofunika kwa munthu wodziwa mbiri, ndipo yankho langa ndi lakuti inde, koma wanuwanu, osati wa basi ya anthu 30. Pamalopo palibe zikwangwani zokwanira zofotokoza zosema, ndipo nthano za Ahindu zimene zili pamakomawo si zimene tinaphunzira m'masukulu athu. Wotsogolera wabwino amadziwanso chipata chimene chili ndi makwerero ochepa, nthawi imene magulu akuluakulu amachoka, ndi pamene pali chimbudzi. Ovomerezeka amaphunzitsidwa ndi kupatsidwa chiphaso ndi boma la Cambodia, amavala yunifolomu ndipo chiphasocho amachipachika poonekera. Mukafuna kumuyesa, mufunseni amene anatulukira Angkor. Akayankha kuti ndi Mfalansa Henri Mouhot, amene anafikako mu 1860, n'kuthera pomwepo, dziwani kuti wangoloweza, chifukwa Angkor Wat sanasiyidwepo: amonke achibuda anapitiriza kupembedzeramo ngakhale likulu litasamukira kum'mwera m'zaka za m'ma 1400, ndipo wansembe wachipwitikizi António da Madalena anali atafikako kale mu 1586. Inu amene mwakhala mukuwongolera ana pa nkhani yakuti David Livingstone anatulukira nyanja yathu mu 1859 pamene makolo athu ankawedzamo kale, mudzaimva nkhaniyi msanga. Mufunseninso chimene chinagwetsa mzindawu. Wodziwa sadzangotchula nkhondo ya mu 1431 ya a ku Ayutthaya, ufumu wakale wa m'dziko limene lero ndi Thailand, koma adzakufotokozerani za madzi: madamu akuluakulu monga West Baray, lotalika makilomita 8, ndi ngalande zimene zinkadyetsa minda ya mpunga, zimene zinaonongeka pamene zilala zazitali zinkasinthana ndi madzi osefukira.

Pa nkhani ya chikhulupiriro, chikumbumtima ndi chanu ndipo mukhoza kukambirana ndi abusa anu, koma ndikuuzeni zimene zimachitika kumeneko kuti muganize pa zenizeni. Palibe amene amauza mlendo kuti agwade, afukize lubani kapena apereke nsembe. M'makona ena mumakhala amonke kapena amayi okalamba ovala zoyera amene amamanga kaulusi kofiira pamkono wa mlendo monga dalitso, ndipo mukapanda kufuna, kuphatikiza manja pachifuwa n'kuwerama pang'ono, umene ndi moni wawo waulemu, n'kokwanira kuti mudutse popanda wokhumudwa. Chimene amafuna kwa inu ndi ulemu umene nanunso mungaufune kwa mlendo wolowa m'tchalitchi chanu: zovala zophimba mapewa ndi maondo, mawu otsika, kuvula chipewa ndi nsapato pamene pali chifanizo chimene anthu akupembedzapo, ndiponso kusakhudza zosema. Mayi sayenera kukhudza mmonke kapena kumupatsira chinthu m'manja. Chilundu cha chitenje ndi bulauzi ya manja n'zovala zoyenera ndithu, ndipo bambo avale buluku lopepuka.

Musanalipire, mwana wanu apemphe kampaniyo kuti ilembe zonse papepala. Ifotokoze ngati tikiti ya ku Angkor ili mumtengo ndipo ndi ya masiku angati, chifukwa imeneyi ndi njira imene mtengo umatsitsidwira pa malonda kenaka n'kukwera mutafika. Ifotokoze kukula kwa gulu, ngati wotsogolera ndi mmodzi masiku onse, ngati galimoto ili ndi makina oziziritsa kapena ndi tuk-tuk, imene ndi kangolo kokokedwa ndi njinga yamoto, ndiponso ngati idzakutengani pabwalo la ndege, popeza bwalo latsopano la Siem Reap limene linatsegulidwa mu Okutobala 2023 lili kutali, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kukafika mumzinda. Funsani ngati pali maimidwe a m'masitolo amene simunawapemphe. Mukaona pandondomeko pali kukacheza kunyumba ya ana amasiye, pemphani kuti achotsepo, chifukwa mabungwe oteteza ana akhala akuchenjeza kuti ena mwa malo otere amasunga ana amene makolo awo alipo pofuna kukopa ndalama za alendo. Ngati kampaniyo ikutchula kachisi wa Preah Vihear kapena kudutsa malire apamtunda kuchokera ku Thailand, imani kaye, popeza mu 2025 mayiko awiriwa anamenyana m'dera la malire limenelo, ndipo muyenera kumva malangizo atsopano a maulendo musanavomere. Koh Ker, likulu la kanthawi la mfumu Jayavarman IV kuyambira mu 928, limene lili ndi kachisi wa nsanjika 7 wotalika mamita 36 ndipo bungwe la UNESCO linaliika pamndandanda wa malo achikhalidwe ofunika padziko lonse mu 2023, ndi malo abwino koma ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 120 ndipo ali ndi tikiti yakeyake. Kumalo akutali otere musapatuke m'njira zodziwika, chifukwa mabomba okwirira a nthawi ya nkhondo sanathe kuchotsedwa m'madera ena a dzikolo.

Za Phnom Penh, ulendo wapamsewu kuchokera ku Siem Reap umatenga maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Kumeneko makampani amaonetsa nyumba yachifumu ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ili ndi ziboliboli zambiri zochokera ku Angkor, komanso ndende ya Tuol Sleng ndi manda a Choeung Ek, kumene ulamuliro wa Khmer Rouge unazunza ndi kupha anthu pakati pa 1975 ndi 1979. Malo awiri omalizawa ndi olemera pamtima, ndipo wotsogolera wanu akhoza kukhala munthu amene anataya abale ake pa nthawiyo, choncho muloleni ayambe yekha kukamba za banja lake. Ndikuona kuti mphunzitsi wa mbiri ayenera kupitako, koma muwapatse m'mawa wawokha, osawaphatikiza ndi kukagula zinthu kumsika.

Mapasipoti anu akhale ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi asanathe, ndipo za viza mwana wanu atsimikize patsamba la boma la Cambodia lenileni, chifukwa pa intaneti pali masamba ofanana nalo amene amalipiritsa ndalama zoonjezera. Ngati ndege yanu idzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi n'kukhalako maola oposa 12, mukhoza kufunsidwa chiphaso cha katemera wa yellow fever, ndipo kwa anthu opitirira zaka 60 katemera ameneyu saperekedwa popanda dokotala kuunika kaye, kotero n'kwabwino kusankha ndege yosachedwetsa panjira. Ku Cambodia amalandira madola a ku America pamodzi ndi ndalama yawo ya riel, imene imasinthidwa pafupifupi 4,000 pa dola imodzi, koma madola ong'ambika kapena othimbirira amakanidwa kawirikawiri, choncho mutenge atsopano ndi ang'onoang'ono.

Chomaliza ndi chimene sindingathe kukuchitirani ine. Bambo akaonane ndi dokotala wawo kutatsala milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, atatenga ndondomeko ya ulendo m'manja, kuti dokotalayo aone BP, anene ngati mankhwala afunika kusintha chifukwa cha kutentha, alangize za kukhala nthawi yaitali m'ndege, ndiponso aone za katemera wa typhoid, hepatitis A ndi kafumbata kwa nonse awiri. Mankhwala onse akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Inshuwalansi ya paulendo itchule BP ya bambo poyera ndipo ikhale yolipira kusamutsidwa pa ndege kupita kuchipatala cha ku Bangkok kapena Singapore pakagwa vuto lalikulu. Madzi akumwa akhale a m'botolo lotseka. Apusi a ku Angkor azolowera anthu ndipo amaluma, choncho musawadyetse, ndipo wina akalumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi sopo kwa nthawi yaitali n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe. Malungo si vuto lalikulu mu Siem Reap ndi pa akachisi apafupi, koma matenda a dengue alipo, ndipo udzudzu wake umaluma masana, nthawi imene ife sitinazolowere kudziteteza. Wina akatentha thupi muli komweko kapena m'milungu iwiri mutabwerako, asathamangire kunena kuti ndi malungo monga timachitira kwathu, asamwe asipulini kapena bulufeni chifukwa zimaonjezera kutaya magazi ngati ndi dengue, koma amwe panado n'kupita kuchipatala, ndipo akauze dokotala dziko limene wachokera ndi tsiku limene anabwerako.